Madzi saiwala khwawa: kuyerekeza malo omangapo nyumba m'Malawi

Mapuloti ambiri amagulidwa m'chilimwe, anthu atagulitsa fodya ndi soya, udzu utapsa, nthaka ili gwa. Nyengo imeneyo dambo ndi chitunda zimaoneka chimodzimodzi, ndipo khwawa limene mu Febuluwale limakokolola mbuzi limangokhala kanjira ka mchenga kodutsamo ana. Cholakwika chachikulu pa nkhani ya malo chimayambira pomwepa. Wogula amafunsa mtengo, mtunda wokafika ku msewu wa tala ndi pomwe pali polo yamagetsi, koma safunsa kuti madzi a mvula yogwa kumtunda kwa puloti amadutsa kuti. Ogwira ntchito yokonza mapulani a malo amayambira pa funso limenelo, chifukwa kutsetsereka kwa malo, mtundu wa dothi ndi kuya kwa madzi apansi ndi zinthu zimene simenti ingazichepetse mphamvu koma singazichotse.

Lamulo la mapulani a malo la 2016, Physical Planning Act, linaika dziko lonse pansi pa ndondomeko ya mapulani, osati mizinda yokha ngati kale. Komabe malo ambiri amagulitsidwa pamaso pa mfumu ndi mboni ziwiri, popanda woyeza aliyense. Choncho wogula, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, mpingo wofuna kumanga sukulu, onse ayenera kudziwa okha kusiyanitsa malo.

Miyezo itatu yoyamba

Kutsetsereka kumayezedwa ndi chingwe cha mamita 10, zikhomo ziwiri ndi kalevulo kopachika pa chingwe. Mangani chingwe pansi penipeni pa chikhomo chakumtunda, chikokeni molunjika kumunsi mpaka levulo itakhala pakati, kenako yezani kuchoka pa chingwe kufika pansi pa chikhomo chakumunsi. Mukapeza masentimita 30, malowo atsetsereka ndi 3 peresenti. Mukapeza mita imodzi ndiye 10 peresenti, mamita awiri ndi theka ndiye 25 peresenti. Yezani malo atatu kapena anayi, chifukwa puloti imodzi ikhoza kuyamba mosalala n'kukathera pa phompho.

Wachiwiri ndi dzenje loyesera, lakuya mita imodzi ndi theka, makamaka awiri m'makona otalikirana. Nthawi yabwino yokumba ndi Febuluwale kapena Malichi. Onani mtundu wa dothi m'mbali mwa dzenje. Lofiira kapena lofiirira mpaka pansi likusonyeza kuti madzi amadutsa, mpweya umalowa. Lotuwa ngati phulusa, lokhala ndi timadontho tadzimbiri, likukuuzani kuti pamenepo madzi amakhazikika miyezi ingapo chaka chilichonse, ngakhale lero pakhale pouma. Siyani dzenje usiku wonse mutalitchinga bwino kuopa ana ndi ziweto, m'mawa muone ngati mwalowa madzi.

Wachitatu ndi wa kamwedwe ka nthaka, wofunika pa chimbudzi ndi sepitiki thanki. Pansi pa dzenje la mita imodzi kumbani kadzenje ka masentimita 30 mbali zonse, kadzazeni madzi madzulo, mawa lake mudzazenso n'kuyeza nthawi imene madzi atenge kuti atsike masentimita 15. Akatsika theka la ola lisanakwane, nthakayo ikumwa mothamanga kwambiri ndipo zonyansa zidzafika ku zitsime zisanasefedwe. Akapitirira maola anayi, dzenje lomwetsa madzi a m'thanki silidzagwira ntchito, lizingosefukira pabwalo.

Katondo wa pachitunda

Malo osavuta kuposa onse ndi chitunda cha katondo chotsetsereka pang'ono, pakati pa 2 ndi 8 peresenti, monga zitunda zambiri za m'chigwa cha Lilongwe, Mchinji, Kasungu ndi mbali zina za Dowa. Madzi amachoka okha osakokolola nthaka, dothi limanyamula nyumba wamba pa maziko a masentimita 60 m'lifupi ndi 60 mpaka 90 kuya kwake, konkire ya 1:3:6 (muyezo umodzi wa simenti, itatu ya mchenga, isanu ndi umodzi ya miyala) yochindikala masentimita 20. Chimbudzi chokumba chimafika mamita atatu osakumana ndi madzi. Misewu, mapaipi ndi ngalande zimatsika mtengo chifukwa sipafunika kudula kapena kukwirira kwambiri. Apa ndi pamene pulani yabwino imaika nyumba zothithikana, misika, sukulu ndi zipatala.

Zovuta zake ndi ziwiri. Chulu chikagumulidwa, pansi pake pamatsala mphako ndi dothi lofewa, ndipo ngodya ya nyumba yokhala pamenepo imatitimira. Kumbani mpaka mapanga a chiswe atatha, mukwirire ndi dothi latsopano m'magawo a masentimita 15, gawo lililonse kulitsira madzi pang'ono n'kulisinja. Vuto lachiwiri ndi lakuti malo omwewa ndiwo minda yabwino ya chimanga. Mzinda ukamakula mwachisawawa umadya nthaka imene imaudyetsa, n'chifukwa chake ndi bwino kumanga mothithikana pa chitunda chimodzi kusiyana n'kumwaza nyumba m'minda yonse.

Malo osalala kotheratu, osafika 1 peresenti, musawayese abwino kuposa awa. Madzi sadziwa kolowera, ngalande zimadzaza matope, ndipo udzudzu umapeza poswera.

M'mbali mwa phiri

Apa ndi pamene pafunika kukhalitsa, chifukwa Blantyre yense ndi mzinda wa mapiri: Soche, Ndirande, Michiru, Bangwe, Mpingwe. Zomba, Dedza, Mzuzu ndi Nkhata Bay nakonso malo osalala ndi ochepa. Kunena kuti paphiri pasamangidwe n'komwe sikungatheke. Chofunika ndi kusiyanitsa phiri lomangika ndi losamangika.

Pakati pa 8 ndi 15 peresenti mukhoza kumanga bwinobwino, koma mtengo umakwera. Tengani nyumba ya mamita 12 m'litali ndi 10 m'lifupi, mbali yaitali itagona mopingasa phiri. Pa 10 peresenti, kuti musalaze malowo mudula dothi lakuya mita imodzi kumtunda, lokwana makyubiki mita 60. Pa 25 peresenti khoma lodulidwalo likhala la mamita awiri ndi theka, dothi lake makyubiki mita 150, ndipo khoma lotere si loti mmisiri wa njerwa angoimika yekha popanda injiniya. N'chifukwa chake nyumba ya paphiri iyenera kukhala yaitali motsata mzere wa phiri, yopyapyala molowera kumtunda, kapena yogawidwa m'masitepe awiri.

Cholakwika chofala ndi ichi: dothi lodulidwa kumtunda amalitaya kumunsi kuti malo akule, kenako theka la nyumba limakhala pa nthaka yolimba, theka lina pa dothi lothira. Mvula ziwiri kapena zitatu zikadutsa, lothiralo limaphwa, nyumba n'kung'ambika pakati ndendende, mng'alu wake wotambasuka kumwamba. Maziko a kumunsi ayenera kubooleza dothi lothira mpaka kukafika pa nthaka yakale, ngakhale zitanthauze mizere ina khumi ya njerwa. Pansi pa maziko pakhale masitepe osalala, osati potsetsereka motsata phiri.

Khoma lotchinga dothi limagwa kawirikawiri chifukwa cha madzi, osati kulemera kwa dothi lokha. Kumbuyo kwake ikani miyala ya kwale yochindikala masentimita 30, ndipo m'munsi mwa khoma musiye mapaipi a mamilimita 50 mpaka 75 pa mita imodzi kapena imodzi ndi theka iliyonse kuti madzi azituluka. Khoma lopakidwa pulasitala bwinobwino lopanda potulukira madzi ndi damu, ndipo limaphulika ngati damu. Kumtunda kwa nyumba kumbani ngalande yopatutsa madzi, yowakidwa ndi miyala, ndipo m'mphepete mwa masitepe mubzale vetiva mothithikana. Kumbukiraninso kuti denga la masikweya mita 100 limatulutsa malita 5,000 pa mvula ya mamilimita 50, ndiwo madiramu 25. Madzi amenewo mukangowasiya, akagwera mnzanu wa kumunsi, ndipo nyumba makumi asanu zikachita chimodzimodzi, njira ya pakati pawo imasanduka chigwembe m'chaka chimodzi.

Kupyola 20 mpaka 25 peresenti, malowo asiyireni mitengo. Pali malonso ena amene ngakhale atsetsereke pang'ono sayenera kugonedwamo: kukamwa kwa khwawa lotsika m'phiri. Makolo ankadziwa za matope ndi miyala zotsika mwamphamvu m'makwawa otere ndipo anazitcha napolo. Napolo anawononga mbali ina ya Zomba mu Disembala 1946, anatsika m'phiri la Michesi n'kuwononga Phalombe mu Malichi 1991, ndipo mu Malichi 2023 mvula ya namondwe Freddy inagumula phiri la Soche, matope ndi miyala n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Namondwe ameneyu anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ambiri m'maboma a kummwera. Zimene zimachitika n'zakuti dothi lopyapyala logona pa thanthwe limamwa madzi masiku angapo mpaka kukhuta, limalemera, ndipo pamene likukhudzana ndi thanthwe pamaterera. Likangosuntha limalowa m'khwawa, n'kunyamula miyala ndi mitengo, n'kukamwazika pamene phiri layamba kusalala. Malo omwazikirawo ndi amene amakopa anthu, chifukwa ndi osalalako komanso ali pafupi ndi madzi.

Zizindikiro zake zimaoneka ndi maso. Miyala ikuluikulu, ina yofika msinkhu wa munthu, yomwazika pamalo osalala kutali ndi phiri sinamere pamenepo. Inabwera ndi napolo wakale. Mitengo yopindika tsinde ngati ndodo ya agogo ikusonyeza kuti nthaka ikuyenda pang'onopang'ono. Ming'alu yopingasa phiri, akasupe otumphuka mwadzidzidzi pakati pa mtsetse, mpanda wopendekera kumunsi, zonsezi zikuti chokanipo. Palibe maziko amene angaimitse mwala wolemera ngati lole.

Makande

Dothi lakuda la makande, lopezeka ku chigwa cha Phalombe, kuzungulira nyanja ya Chilwa ndi madera a Ngabu ku Chikwawa, ndi labwino ku thonje ndi mpunga koma ndi mdani wa khoma. M'chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, m'dzinja limafufuma. Nyumba yomangidwa pamwamba pake imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, ndipo m'mphepete mumasuntha kwambiri kuposa pakati. Zotsatira zake ndi ming'alu yoyenda mopendekera kuchoka m'makona a mazenera, ndi zitseko zokana kutsekeka nyengo ina n'kumatsekeka nyengo ina. Kuti mulizindikire, nyowetsani kadothi n'kukapota m'manja: kakatalika ngati chingwe osaduka, komanso kakauma n'kulimba ngati mwala, ndi lomwelo.

Pomangika pamangika, koma mwa njira zitatu zokha. Ngati makande ndi osaya, osapyola mita imodzi, achotseni onse pansi pa nyumba n'kubwezeretsa lubwe wosinjidwa. Ngati ndi akuya, maziko atsike mita imodzi ndi theka kufika pamene chinyezi sichisinthasintha, akhale ndi zitsulo, ndipo pamwamba pa khoma pakhale ring beam, lamba wa konkire yazitsulo wozungulira nyumba yonse. Njira yachitatu ndi silabu imodzi yazitsulo yochindikala m'mphepete, imene nyumba yonse imayandamapo ngati bwato. Pa njira iliyonse, zungulizani nyumba ndi khonde la konkire la mita imodzi kapena kuposerapo lopendekera kunja, ndipo bulugama kapena mtengo wina womwa madzi kwambiri utalikire nyumba mtunda wofanana ndi msinkhu umene udzafike ukakula. Paipi yodontha pansi pa nyumba ya pamakande imang'amba khoma msanga kuposa mvula.

Dambo

Dambo limanyenga chifukwa ndi lotsika mtengo, losalala, ndipo nthawi zambiri lili pafupi ndi tauni. Mulizindikira ndi udzu wopanda mitengo pakati pa nkhalango kapena minda, mlulu ndi bango, mitengo ya katope m'mphepete, nkhanu ndi achule, ndi zitsime zosaya zimene anthu amatungamo ndi manja. Madzi apansi amafika pamwamba kuyambira Januwale mpaka Epulo.

Amene amanga m'dambo amakumana ndi chinyezi chokwera m'khoma, penti yosupuka kufika m'mawondo, chuku kuseri kwa kabati, ndi chimbudzi chodzaza madzi m'malo mwa zonyansa. Pulasitiki wakuda pansi pa silabu ndi pamwamba pa maziko, komanso kukweza pansi pa nyumba ndi masentimita 60, zimathandiza pa chinyezi. Koma chimbudzi sichitheka. Pansi pa dzenje payenera kutalikirana ndi madzi apansi mita imodzi ndi theka kapena iwiri, ndipo chitsime chitalikire mamita 30. M'dambo zonsezi sizikwaniritsika, ndipo ndi mmene kolera amayendera kuchoka m'chimbudzi kupita m'chitsime.

Chachikulu kuposa izi n'chakuti dambo lili ndi ntchito yake. Limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Mukalikwirira ndi zigumukire za njerwa n'kulizinga ndi mipanda, madziwo satha, amangothamangira kumunsi onse nthawi imodzi. Pulani yoyamba ya Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu mu 1975, inasiya dala zigwa za mitsinje zopanda nyumba, ndipo nkhalango ya Nature Sanctuary m'mbali mwa Lingadzi ndi chotsalira cha maganizo amenewo. Pamene nyumba zinalowerera m'zigwazo, zotsatira zinaoneka, monga mu 2017 Lingadzi atasefukira ku Mtandire. Dambo liyenera madimba, msipu wa ziweto, maiwe a nsomba ndi mabwalo a mpira. Kugona ayi.

Chigwa cha madzi osefukira

Ku Nsanje ndi Chikwawa nkhani yake ndi ina, chifukwa kumeneko si puloti imodzi koma mbali yaikulu ya maboma awiriwa ili m'munsi. Shire, Ruo ndi Mwanza amanyamula madzi ndi mchenga wochoka kumapiri, mchenga umakwirira mitsinje, ndipo mtsinje wokwiririka umasintha njira. Chigumula cha Januwale 2015 chinadula Makhanga, namondwe Idai anabwera mu 2019, namondwe Ana mu Januwale 2022 anawononga damu la Kapichira, Freddy n'kutsatira chaka chotsatira. Anthu sakhala kumeneko chifukwa cha umbuli. Nthaka yotsalira madzi akaphwa ndi yachonde kwambiri, ndipo munthu amakolola kawiri.

Pulani yanzeru siuza anthu kusiya chigwa, imalekanitsa kogona ndi kolima: midzi, sukulu, zipatala ndi nkhokwe pa zitunda, minda kumunsi. Pomwe kusamuka sikutheka, funsani akuluakulu pamene madzi aakulu kwambiri anafika, muone zizindikiro pa mitengo ndi pa makoma a tchalitchi, pansi pa nyumba pakhale masentimita 50 pamwamba pa mzere umenewo. Maziko ndi mizere yoyamba ya khoma ziwakidwe ndi simenti, chifukwa zidina ndi njerwa zowakidwa ndi dothi zimasungunuka zikakhala m'madzi tsiku limodzi, ndipo ndi mmene nyumba zambiri zimagwera ngakhale madzi asafike m'chiuno. Izi zimathandiza pa madzi odikha okha. Pamene madzi amathamanga, kapena kunja kwa gondo la mtsinje kumene gombe limadyeka chaka ndi chaka, kukweza nyumba sikupulumutsa. Onjezani kuti mijigo ina ya m'chigwa cha Shire imatulutsa madzi amchere, choncho malo atsopano osamukirako ayambe ayesedwa madzi anthu asanagawiridwe.

Mchenga wa kunyanja

Mchenga wouma, wothinana bwino, umanyamula nyumba bwino kuposa mmene ambiri amaganizira, bola maziko akhale otambalala, masentimita 75 kapena kuposa, ndipo madzi asawafukule. Maenje a zimbudzi amafunika kuwakidwa m'mbali kuti asagumuke, ndipo popeza mchenga umamwa mothamanga, mtunda wa pakati pa chimbudzi ndi chitsime uyenera kuposa mamita 30 aja.

Choopsa ndi nyanja yomwe. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika pa zaka makumimakumi: pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka kuleka kuthira mu Shire, mu 1980 inakwera kufika pafupifupi mamita 477 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo mu 2024 inakweranso n'kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena a m'mphepete. Ambiri mwa malo omizidwawo anamangidwa m'zaka zimene nyanja inali yotsika, eni ake n'kumayesa gombe la nthawiyo ndilo gombe lenileni. Mzere wa mamita 477 ndi umene akuluakulu oona za madzi amagwiritsa ntchito ngati malire. Pemphani woyeza malo akusonyezeni pomwe ukudutsa musanalipire. Dera la kunyanja lilinso m'chigwa cha zivomezi. Salima inagwedezeka mu Malichi 1989, Karonga mu Disembala 2009, ndipo mchenga wokhuta madzi ukagwedezeka umatha kufewa ngati phala. Ring beam, waya wa m'mizere ya njerwa ndi makona omangirirana bwino si zokongoletsa kumeneko.

Kuika pa sikelo

Mukayerekeza onsewa, mtengo wa puloti ndi gawo laling'ono la nkhani. Pa katondo ndalama zanu zimapita ku nyumba. Pa mtsetse wa 8 mpaka 15 peresenti gawo lina limapita ku makoma otchinga ndi ngalande, koma mukalipira kamodzi mwathana nazo, bola anzanu a kumtunda nawonso asamale madzi awo. Pa makande ndi pa mchenga wa pamwamba pa mzere wa nyanja ndalama zimalowa pansi, m'maziko, ndipo ndi malo oyenera kulipira injiniya ngakhale nyumba ikhale ya zipinda zitatu. Dambo ndi chigwa chosefukira zimalipiritsa chaka chilichonse, ndipo mbali ina ya ngongoleyo imagwera anthu a kumunsi amene sanagule nawo. Phompho ndi kukamwa kwa khwawa sizilowa n'komwe pa sikelo.

Pakati pa puloti ya pamtsetse wa 12 peresenti ndi ya m'dambo losalala, pa mtengo wofanana, tengani ya pamtsetse. Pakati pa makande akuya ndi katondo wotalikirako makilomita atatu ndi msewu, katondo amabweza ndalama ya mayendedwe. Ndipo kwa komiti kapena khonsolo yogawa malo ambiri nthawi imodzi, ntchito iyambe ndi kujambula mitsinje, makwawa, madambo ndi mitsetse yopyola 20 peresenti pa mapu, n'kuzichotsa. Misewu itsate mizere ya zitunda, ngalande zilowere m'makwawa achilengedwe osatsekedwa ndi mpanda wa munthu, ndipo mapuloti adulidwe pa malo otsalawo, bikoni yoyamba isanakhomedwe.